Kachinkhwe ka ku North York

"Ndati kachotseni pathebulo pano!"

"Ukulamula ndani? Thebuloli unabwera nalo pandege?"

"Chabwino, ndi lanu. Nyumba ndi yanu, mipando ndi yanu, ngakhale mpweya tikupumawu ndi wanu. Koma ine sindidya ndikupenyana ndi mbalame yotsekeredwa. Kachotseni, abambo ake Grace."

Medson anavula jekete lake mwachifatse n'kulikoloweka pampando, ngati sanamve kanthu. Pakati pa thebulo panali chikwere cha mawaya onyezimira chimene anali atangofika nacho kuchokera ku sitolo yogulitsa ziweto. M'katimo munali kagalasi, kabelu, ndi kachinkhwe kobiriwira, kofiira kumaso, kamene kanadzipanikiza pakona n'kumapuma mwabefu. Mkazi wake Zelipa anaima chapatali atagwira m'chiuno.

"Lamulungu ndinakupemphani chiyani?" anatero Zelipa. "Ndinati mundilole ndikayambe ntchito kunyumba yosamalira okalamba kumene akugwira mnzanga Anastazia, akufuna anthu. Ndinati miyezi isanu ndi umodzi yakwana ndikungoyang'ana makoma m'mwamba muno. Yankho lanu ndi limeneli? Mwandibweretsera mnzanga woti tiziyang'anira limodzi makomawo?"

"Vuto lako umakompuleni chilichonse. Kuno ndi ku Canada, mayi. Nyumba iliyonse ya anthu ozindikira imakhala ndi peti. Dokotala amene ndimagwira naye ku labu ali ndi mbalame zitatu. Unati ukusungulumwa, ndakugulira chocheza nacho. Uzikapatsa chakudya, uzikilina keji, tsiku lizitha. Ine sindinavutike ndi sukulu zaka zonsezi kuti mkazi wanga azikasambitsa nkhalamba za eni."

"Mukukadziwa kameneka?"

"Mwini sitolo wati n'kochokera ku Africa."

"Ku Africa! Mwachita kuuzidwa ndi mzungu? Aka n'kakwathu. Timbalame timeneti n'todzaza kuseri kwa Ulongwe, m'mitengo ya tsanya ya m'mbali mwa Shire muja. Timagona m'mphako. Ndili mwana tinkatipirikitsa m'munda wa mapira wa amayi, timbalameto tikubwera chigulu, phokoso lake kuchita kugontha nalo. Sindinaonepo kamodzi kali kokha. Mnzake ali kuti?"

"Tinalipo tiwiri. Ndatenga kamodzi, n'kokwanira."

"Tinalipo tiwiri," Zelipa anabwereza pang'onopang'ono. "Wina anakatchera ulimbo, wina anakaponya m'bokosi, kanawoloka nyanja kali ndi mnzake mmodzi yekha wotsala. Kenako mwafika inu, ophunzira, n'kuloza ndi chala kuti ndipatseni aka, ako katsale. Simunachite manyazi?"

Medson asanayankhe, chitseko chinatseguka ndipo Grace, mwana wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri, analowa kuchokera ku sukulu. Anaponya chikwama pansi n'kuthamangira pathebulo.

"Daddy! Is it mine?"

"N'kako, mwana wanga. Amayi ako akukakana."

"Mami, bwanji? It's so cute!" Grace anakanikiza mphuno pamawaya. "Dzina lake Sunny."

Medson anayang'ana mkazi wake n'kumwetulira. Mlandu anali atawina, ndipo anauwinira pamsana pa mwana. Chikwere chinachoka pathebulo, inde, koma chinangosamukira pakabati pafupi ndi chitseko chagalasi chotulukira pakhonde.

Unali Okutobala wa 1976. Banjali linkakhala pa fulo ya 14 m'nyumba ina yosanja ku North York. Medson ankatuluka m'mawa kukakwera basi, Grace ankapita ku sukulu, ndipo m'nyumba munkatsala awiri: Zelipa ndi kachinkhwe. Amene anagula mbalame sanakhalepo nayo ngakhale ola limodzi lathunthu. Ndi mmene zimakhalira zinthu zogulira kuti anthu aone. Wozunzika nazo amakhala wina.

Sabata yoyamba kankalira. Kulira kwake kunali kofanana tsiku lonse, kakuitana kamodzi n'kudikira, kuitananso n'kudikira. Zelipa ankakudziwa kuitana kumeneko, ndipo ankadziwanso kuti woyankha kulibe. Sabata yachiwiri kanasiya. Kanapeza kagalasi kaja n'kuyamba kukhala pambali pake, kukhudzitsa mutu, mpaka kumalavulira chakudya pagalasipo kuti kadyetse mnzake wa m'katimo. Zelipa ataona zimenezo anakhala pansi m'khitchini n'kulira, ndipo atatha kulira anapsa mtima kwambiri. Sabata yachitatu pansi pa chikwere panayamba kudzaza nthenga. Kankadzizula kokha pachifuwa, nthenga imodzi imodzi, mpaka khungu linaonekera.

"Bwerani mudzaone peti yanu," Zelipa anamuuza mwamuna wake tsiku lina atangofika.

Medson anasuzumira. "Ndi nsabwe zimenezo. Ndidutsira ku sitolo mawa, ali ndi mankhwala opopera."

"Nsabwe zake ziti? Kakudzidya ndi chisoni aka! Kapena mukatenge mnzake uja, kapena mukabweze."

"Mnzakeyo anagulidwa kale. Ndipo zogula sabweza."

"Ndiye katsegulireni."

"Iwe mutu wako ukuyenda bwino? Chinthu ndagula ndekha ndikachitaye pawindo?"

"Mwagula chiyani? Mapiko mwagula? Mlengalenga mwagula? Munthu wopemphera ngati inu, woimba bezi m'kwaya, mumagona tulo chinthu chikudzizula nthenga m'nyumba mwanu?"

"Kwanu komweko mbalame mumadya. Usandinamize kuti lero wasanduka mayi wa mbalame."

"Timadya, eya! Mwana akagwira mpheta amaipha pompo, n'kuwotcha, n'kudya, zatha. Sitiitsekera m'mawaya kuti tiziiwonerera ikufa pang'onopang'ono, ife tikumwa tiyi. Zimenezo mwaphunzira kuno, ndipo mukuziyesa chitukuko."

Kuyambira tsiku limenelo Zelipa anasiya kudya pamodzi ndi mwamuna wake. Ankaphika, n'kuika pathebulo, iye n'kukadyera m'khitchini choimirira. Akafunsidwa kanthu ankayankha ndi mawu amodzi. Grace ankangoyang'ana uku ndi uku, ndipo madzulo ankakhala pafupi ndi chikwere n'kumakanong'oneza kambalameko m'Chingerezi kuti kasiye kudzipweteka. Patatha masiku asanu Medson anatopa nazo. Ankhoswe awo anali kutali, wina ku Ntcheu wina ku Machinga, choncho anaimbira foni a Jailosi ku Hamilton.

A Jailosi anali mkulu wa mpingo wa kwawo kwa Medson, bambo wa imvi zake, amene anabwera m'mwezi wa Meyi kudzaphunzira za kayendetsedwe ka zipatala. Amalawi ochepa a m'derali ankawatenga ngati kholo. Anafika Loweruka m'mawa pa sitima. Inali sabata yachiwiri ya Novembala, koma kunacha bwino modabwitsa, dzuwa lili phwee, anthu pansi akuyenda atangovala majuzi. A Jailosi anamwa tiyi, anapemphera, kenako anati aliyense anene mbali yake.

Medson anayamba. Anafotokoza za kusungulumwa kwa mkazi wake, za mtima wake wabwino, za dokotala wa mbalame zitatu. Kenako inafika nthawi ya Zelipa. Ananyamula chikwere n'kuchiika pamiyendo pa mlendoyo.

"Bambo, ine mawu ndilibe. Onani nokha."

A Jailosi anavala magalasi. Anayang'ana chifuwa chosupukacho nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Medson mwana wanga, bambo ako ankaweta nkhunda, si choncho?"

"Ankaweta, achikulire."

"Khola lawo linali ndi loko?"

"Ayi."

"Nanga zinkathawa?"

"Sizinkathawa."

"Ine ndaweta nkhunda zaka makumi atatu," anapitiriza a Jailosi. "Choyamba, nkhunda sagula imodzi. Chachiwiri, ukabwera nazo zachilendo umazitsekera masabata atatu, mwina anayi. Umazipatsa madeya, madzi osasowa, zizolowere fungo la pakhomo ndi mawu a eni ake. Akakwana masikuwo umatsegula. Zimauluka, zimazungulira mudzi, dzuwa likapendeka zimabwera zokha. Ikapanda kubwera ndiye kuti sinali yako, unkangoisunga ndi mawaya. Kambalame aka kakhala masabata angati muno?"

"Pafupifupi anayi," anayankha Zelipa.

"Ndiye nthawi yakwana. Mayi akunena zoona kuti chamoyo sachisunga chonchi. Iwenso Medson ukunena zoona kuti n'chako, sungangochitaya. Tiyeni tichite monga timachitira kwathu. Chikwere chikhale pakhonde, chotsegula, chakudya ndi madzi zili momwemo. Chitseko ichi muchisiye chotsegula pang'ono kuti kazimva mawu anu ndi kulowa kakafuna. Kakabwera, kazikhala kotero, kotuluka ndi kulowa, ndipo mayi asadzanenenso kanthu. Kakapanda kubwera, Medson, usadzagulenso mbalame. Mwavomera?"

"Ndavomera ndi mtima wonse," anatero Zelipa, nkhope yake itawala koyamba m'mwezi wathunthu.

"Nanga iwe?"

Apa ndi pamene pamawawa. A Jailosi anali asanaonepo chisanu cha dziko limenelo. Zelipa naye anafika mu Epulo, kukuyamba kufunda, ndipo kuzizira kumene ankakudziwa kunali kwa Juni wa kwawo. Koma Medson anali atakhalako zaka zitatu. Ankadziwa kuti dzuwa la Novembala ndi lonyenga. Kuwonjezera apo, dzulo lake m'basi anamva anthu akukambirana zimene inanena wayilesi, kuti Loweruka madzulo mphepo itembenuka ndipo madzi aundana. Mawu atatu okha akanakwana. Koma munthu ataweruzidwa pamaso pa mkazi wake, ataphunzitsidwa za nkhunda ngati mwana wa Sande sukulu, anasankha kuti aphunzitse anzakewo phunziro.

"Poti akuluakulu mwagamula, ine ndinganenenji?" anatero akutambasula manja. "Atsegule yekha. Ndi dzanja lake."

Grace anagwira diresi la mayi ake. "Mami, no! He'll get lost!"

"Sasochera, mwanangu. Wamva agogo? Akapita kukawongola mapiko, madzulo abwera. Sukufuna kumuona akuuluka?"

"Promise?"

"Ndikulonjeza."

Zelipa anatulutsa chikwere pakhonde n'kuchiika pampando. Anathira mbewu zatsopano, anadzaza madzi m'kambale, kenako anakweza kachitseko ka waya. Kwa kanthawi kachinkhwe sikanasunthe. Kenako kanatsetsereka pakamtengo kake, kanaima pakhomo, kanapendeketsa mutu kuyang'ana kumwamba. Kanadumphira pachitsulo cha khonde. Kanalira kamodzi, mokweza kuposa kale lonse, n'kudziponya m'mlengalenga. Kanayamba ngati kakugwa, Grace n'kukuwa, koma mapiko anagwira mphepo ndipo kanakwera, kobiriwira padzuwa, kulunjika kumitengo yopanda masamba ya kutsidya kwa msewu.

Zelipa anaseka mpaka misozi. A Jailosi anawomba m'manja. Medson anali m'nyumba, akuwerenga nyuzipepala.

Mlendo ananyamuka cha m'ma 3 koloko kuti apeze sitima. Pofika 4 koloko mitambo inali itaphimba dzuwa, ndipo mphepo inayamba kulowa pampata wa chitseko ija ngati yatumidwa. Zelipa anavala juzi lachiwiri. Anamuveka Grace bulangete, awiriwo n'kukhala moyang'ana kukhonde. Mdima unagwa msanga, 5 koloko isanakwane n'komwe. Kachinkhwe sikanaoneke.

Zelipa atalowa m'khitchini kukaika mphika pamoto anamva chitseko chagalasi chikukhuluzika, kenako loko. Anatuluka ndi chipande m'manja.

"Mwatsekeranji?"

"Kukuzizira."

"A Jailosi anati chikhale chotsegula. Munavomera pamaso pawo."

"A Jailosi ali ku Hamilton, m'nyumba yofunda. Sukumumva mwanayu akutsokomola? Ukufuna agonekedwe m'chipatala chifukwa cha mbalame?"

Grace anali atatsokomoladi kawiri. Zelipa anamuyang'ana mwanayo, anayang'ana chitseko.

"Ndiye tim'goneke kuchipinda, titseke chitseko cha kumeneko. Kuno ndikhala ine."

"Hita ya nyumba yonse izitenthetsa kunja? A supa oyang'anira nyumbayi akabwera kudzafunsa uwayankha ndiwe, ndi Chingerezi chakocho? Kambalame kako kapita, mayi. Kakusangalala ndi ufulu umene unakapatsa. Si zimene unkafuna?"

"Siyani katani yokha, kuti kakabwera kaone kuwala."

"Katani imatchinga mphepo."

Anakoka katani yonse, anakokera mpando wake patsogolo pake, n'kutsegula TV. Kunali mpira wa pa ayezi uja amaukonda anthu a kumeneko, ndipo Medson, amene masiku onse ankati samaumvetsa, tsiku limenelo anaukweza mawu mpaka m'nyumba monse munadzaza kukuwa kwa anthu. Kawiri konse Zelipa anabwera kuti asuzumire kuseri kwa katani. Kawiri konse anauzidwa kuti akutchinga. Anadziuza yekha kuti mbalame ya m'tchire siisowa pogona, kapeza mphako kwinakwake, kabwera kukacha. Anakagona ndi mawu amenewo.

Lamulungu m'mawa Zelipa ankasita malaya a kutchalitchi pamene anamva kukuwa kwa Grace. Anasiya simbi ili chiimire n'kuthamanga. Mwanayo anali atakoka katani, ndipo anaima atagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Kachinkhwe kanali pansi, kunja, katatsamira galasi la chitseko penipeni pamene panali mpata dzulo. Sikanalowe m'chikwere. Kanagona cham'mbali, timiyendo titapindika, chifuwa chopanda nthenga chija chili poyera.

Zelipa anatsegula loko n'kutuluka wopanda nsapato. Simenti inamuluma kumapazi ngati moto. Anatola kambalameko ndipo kanali gwa, kopepuka, kozizira kuposa chilichonse chimene anachigwirapo. Pachitsulo cha m'munsi mwa chitseko panali zitosi zingapo, umboni woti kanakhalapo nthawi yaitali. Anayang'ana m'chikwere. Madzi a m'kambale aja anali atasanduka mwala. Anawagogoda ndi chala, osakhulupirira.

"Kanabwera," anatero polowa. "Abambo ake Grace, kanabwera. Kanali pakhomo pano."

Medson anatuluka kuchipinda akumanga tayi. Anayang'ana m'manja mwa mkazi wake, ndipo kwa kamphindi nkhope yake inagwa. Akanakhala chete pamenepo, kapena akanangoti pepani, mwina nkhani ikanatha mwina. Koma munthu wozolowera kuwina sadziwa poimira.

"Ndiye waona? Ndi zimene zimachitika anthu mukamatengera nzeru za nkhunda za ku Ntcheu m'dziko la eni. Mbalame ya ku Africa ingagone panja mu Novembala? Wayilesi inanena kale Lachisanu kuti kuundana. Aliyense amadziwa zimenezo."

Zelipa anachotsa maso pakambalameko n'kumuyang'ana.

"Inanena Lachisanu," anatero Zelipa.

"Ndiye ndikunena kuti..."

"Inanena Lachisanu, inu munamva. Dzulo a Jailosi akugamula munali mukudziwa. Ine ndikukweza kachitseko kaja munali mukudziwa. Ndikumulonjeza mwanayu, inu muli pampando apo ndi nyuzipepala, munali mukudziwa!"

"Unandifunsa? Si iwe unkadziwa zonse za mbalame?"

"Ndinalakwa ine, eya! Dzanja ndi langa, ndipo ndidzalisenza mpaka kumanda. Ndinatsegula chifukwa cha umbuli, sindinkadziwa kuti kuli dziko limene madzi amauma m'mbale. Koma inu munatseka mukudziwa! Kanauluka, kanaona kuti kunja kulibe kwawo, kanabwerera kwa ife, anthu amene tinakazunza, chifukwa kanalibenso kwina. Kanagogoda apa inu mukuonera mpira. Mwapha chinthu chamoyo kuti mundiphunzitse ine khalidwe?"

"Daddy, you knew?" Grace anafunsa ndi mawu aang'ono.

Medson anagwada n'kutambasula dzanja kuti amugwire, koma mwanayo anabwerera m'mbuyo mpaka anatsamira khoma.

"Usalire, Grace. Loweruka tipita limodzi ku sitolo, ukasankhe wekha kena. Tigula tiwiri, wamva? Keji ilipo kale."

Zelipa anamupatsa Grace kachinkhwe kaja kuti akagwire. Anatuluka pakhonde, ananyamula chikwere, n'kuchiika pakati pa balaza, pakapeti. Anavala nsapato zake za kutchalitchi, zachidendene zija. Kenako anachiponda. Mawaya anapindika, kabelu kanalira, kagalasi kanasweka, mbewu zinamwazika mpaka pansi pa mipando. Anachipondanso, n'kuchipondanso, mpaka chinaphwatalala ngati chitini chopondedwa ndi galimoto.

"Wapenga iwe? Anthu apansi amva!"

"Amve. Akwere adzafunse, ndiwauza ndi Chingerezi changa chomwechi."

Anapita kukhitchini n'kubwera ndi supuni yaikulu ndi kansalu koyera. Anakulunga kambalameko, anamuveka Grace chikhoti ndi chipewa, iyenso anavala chake.

"Mukupita kuti? Tchalitchi chiyamba 10 koloko."

"Tikukaika maliro, paja pali mitengo."

"Nthaka yauma gwa. Sukumba ndi supuni imeneyo."

Zelipa anaima pakhomo, dzanja lina litagwira mwana, n'kutembenuka.

"Zikomo pondiuza," anatero. "Lero ndiye mwakumbuka kuchenjeza."